Bwanji mapiri a ku England akutchedwa “Downs” pamene “down” ndi pansi?

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Eastbourne, m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa England. Kuseri kwa tauni yathuyi kuli mapiri obiriwira amene amawatcha South Downs. Tsiku lina titakwera pamwamba ndi anzanga, ndinafunsa kuti bwanji malo okwera chonchi akutchedwa “Downs” pamene kusukulu tinaphunzira kuti “down” ndi pansi. Mnzathu wina, mbadwa ya konkuno, anangoti ndi dzina chabe. Kodi n'zoona? Nanga liwuli linachokera kuti? Kuntchito ndimalimva pa chilichonse: agogo ali “down”, kompyuta ili “down”, ngakhale jekete langa lamphepo analemba kuti ndi la “down”.

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Mnzanuyo sanakunamizeni mwadala, koma si dzina chabe ayi. Pakati pa “down” wa phiri ndi “down” wa pansi, wamkulu ndi wa phiriyo. Wa pansiyu ndi mwana wake. Pamene munaima pamwamba pa South Downs tsiku lija, munaponda pa tanthauzo lenileni loyamba la liwuli, ndipo lija tinaphunzira ku pulayimale lija, aphunzitsi akuti “sit down” ife n'kukhala pansi, linabwera pambuyo pake.

Chingerezi chinafika pa chilumba cha Britain m'zaka za m'ma 400, ndi mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes imene inawoloka nyanja kuchokera kumene lero kuli kumpoto kwa Germany ndi Denmark. Chilankhulo chawo, chimene akatswiri amachitcha Old English, Mngerezi wa lero sangachimve popanda kuchiphunzira. M'chilankhulo chimenecho phiri linali “dūn”. Kamzere ka pamwamba pa u kakusonyeza kuti ankamukoka, monga timachitira ife tikamati “kuuka”. Ankati duun.

Tsono munthu akamatsika phiri ankati akupita “of dūne”. Liwu loti “of” pa nthawiyo linkatanthauza kuchoka pa chinthu. Ndi liwu lomwelo limene lero linagawika pawiri, “of” ndi “off”. Ka e kakumapetoko kanabwera chifukwa mayina m'Chingerezi chakale ankasintha mchira malinga ndi ntchito yawo m'chiganizo. Choncho “of dūne” tingamasulire kuti “kuchoka paphiri”. Mbusa akutsitsa nkhosa madzulo, mayi akupita kukatunga madzi kuchigwa, onsewo ankapita “of dūne”.

Mawu amene anthu amawatchula kambirimbiri pa tsiku amaperepeseka ngati mpini wa khasu. Ife timadziwa zimenezi. Agogo athu ankati “ndili kupita”, ife timati “ndikupita”, ndipo palibe amene amaganizanso za “li” amene anagwa panjira. Chimodzimodzi “of dūne”. Poyamba mawu awiriwa anamatana n'kukhala “ofdūne”, kenako f anagwa, kukhala “adūne”. Izi zinachitikiranso mawu ena: “anew” anali “of new”, ndipo “akin” anali “of kin”. Pofika m'zaka za m'ma 1100, ka a kakumayambiriroko nako kanali katayamba kugwa, chifukwa sikankatchulidwa mwamphamvu, monga “alone” anabala “lone” ndipo “defence” anabala “fence”. Chimene chinatsala ndi “dune”, kenako “doun”. Liwu la a lija, “adown”, silinafe msanga. Olemba ndakatulo analisunga mpaka m'zaka za m'ma 1800, koma pamsika ndi m'nyumba linali litasiyidwa kalekale.

Taonani chimene chinachitika apa, chifukwa ndi pamene pagona yankho lanu. Mbali imene inkanyamula tanthauzo la kuchoka, “of” uja, ndi imene inafufutika. Imene inatsala ndi ya phiri, koma inatsala itasenza tanthauzo la mawu onse awiri. Zili ngati ife tikanamati “kuchoka paphiri” kwa zaka mazana ambiri mpaka kutsala “phiri” yekha, ndiye munthu n'kumauza mwana kuti “khala phiri” kutanthauza kuti khala pansi. Ndipo tanthauzo litangomasuka ku phiri lenileni, linayamba kugwira paliponse pamene chinthu chikuchoka pamwamba: kutsika pa kavalo, kugwa mumtengo, kugwada. Anthu anafika pomanena kuti “down the hill” osazindikira kuti atchula phiri kawiri.

Katchulidwe kake nako kali ndi mbiri. Mungadabwe kuti duun anakhala bwanji daun. Kuyambira cha m'ma 1400 mpaka m'ma 1700, mavawelo aatali a Chingerezi anasuntha onse pang'onopang'ono, kusintha kumene akatswiri amakutcha Great Vowel Shift. Apa ndi pamene “hūs” anakhala “house”, “mūs” anakhala “mouse”, “tūn” anakhala “town”, ndipo “dūn” anakhala “down”. Kalembedwe ka ou ndi ow kanali katabwera kale, ndi alembi ozolowera Chifalansa, a Norman ochokera kumpoto kwa France atagonjetsa England mu 1066. Mu Chifalansa ou amawerengedwa u, choncho pamene ankalemba “doun” ankatchulabe duun. Kalembedwe kanatsala pomwepo, pakamwa n'kusuntha. Koma kusinthaku kwa u sikunakwere mpaka kumpoto. Mukapita ku Newcastle kapena ku Scotland mudzamva anthu akuti “doon”, “toon”, “hoose”. Ena amaganiza kuti anthu amenewa akuphotchola Chingerezi. Sakuphotchola. Akutchula monga ankatchulira makolo a Angerezi onse zaka 1,000 zapitazo.

Mwina mufunsa kuti, nanga asanayambe kunena “of dūne” analibe liwu la pansi? Analinalo. Linali “nither”, ndipo abale ake akadali moyo m'zilankhulo zoyandikana ndi Chingerezi: Ajeremani amati “nieder”, Adatchi “neder” kapena “neer”. Dzina la dziko la Netherlands ndi lomweli, maiko akunsi, chifukwa ndi dziko lachidikha. Mu Chingerezi liwuli linakankhidwira pambali ndi “down”, koma mungalipezebe litabisala mu “beneath” ndi “underneath”, ndi m'mayina a midzi ngati Nether Wallop ku Hampshire. Chingerezi chinasiya liwu lake lakale n'kutola mawu a abusa otsika phiri.

Koma maganizo otenga mbali kuchokera ku mtunda si a Angerezi okha. Ajeremani mpaka lero amati “bergab” akafuna kunena kutsetsereka: “Berg” ndi phiri, “ab” ndi mbale wake wa “of” uja. Ndi “of dūne” yemweyo, kungotembenuza. Afalansa amati “aval” kunena kunsi kwa mtsinje, kuchokera ku mawu oti kuchigwa, ndipo “amont”, kuphiri, ndi kumtunda kwa mtsinje.

Ndipo ndatchula kale mawu athu osazindikira. Kunsi ndi kumtunda. Ife tinachita zofanana ndi Angerezi, kungoti tinayang'ana mbali ina. Mtunda ndi malo okwera, ndiye “kumtunda” tinakupatsa tanthauzo la kumwamba kwa mudzi, kwa munda, kwa mtsinje. Pomwe “pansi” ndi “pa” wa malo kuphatikiza “nsi”, tsinde lakale la zilankhulo za Chibantu lotanthauza nthaka kapena dziko, lomwelo lili mu “kunsi” ndi “munsi”. Aswahili ali nalo mu “nchi”, dziko, ndi “chini”, pansi. Mngerezi anatchula kumene ukuchoka, ife tinatchula kumene ukafikire. Kumpoto ndi kumwera nako tinatenga ku zinthu zogwirika: mpoto ndi mwera ndi mphepo za panyanja. Aliyense amene anakhalapo ku Nkhotakota kapena ku Salima mwezi wa June kapena July amaudziwa mwera. Nyanja imachita thovu, mabwato amakokedwera pamchenga, usipa umasowa pamsika. Kumene mphepo imeneyo imachokera ndi kumene tinakutcha kumwera. Mwana wa ku Lilongwe amene sanaonepo nyanja amanena “chigawo chakumwera” osaganizako za mphepo, monga mnzanu wa ku Eastbourne amanenera “down” osaganizako za phiri.

Tibwerere ku mapiri anuwo, chifukwa ndi oyenera kuwadziwa bwino. South Downs ndi mtandadza wa zitunda za mwala woyera wofewa wa choko, kuyambira ku Winchester kumadzulo mpaka ku Eastbourne kwanuko, kumene umathera pa phompho la Beachy Head, lotalika mamita 162 kuchokera panyanja. Njira ya apansi yoyenda pamsana pake, South Downs Way, ndi ya makilomita pafupifupi 160. Derali linakhala National Park mu 2010. Kumpoto kwake kuli mtandadza wina, North Downs, umene umathera pa maphompho oyera a ku Dover. Kwa ife amene tinakula tikuona Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, awa ndi mapiri aang'ono: Butser Hill, pamwamba kwambiri pa msana wa choko wa South Downs, ndi mamita pafupifupi 270 basi. Ulendo wina mukakwerako, tapalasani pansi ndi chala pamene kalulu wakumba. Dothi lake n'lochepa ngati chikhatho, pansi pake n'poyera mbuu, ndipo mupezamo timiyala takuda tolimba, takuthwa m'mbali. Udzu wake ndi waufupi ngati wometa, chifukwa nkhosa zadya pamenepo kwa zaka zikwi zingapo. Madzi sakhazikika pamwamba, amalowa m'choko, n'chifukwa chake ngakhale mvula igwe simuona matope ambiri monga kuchigwa.

Kuuma kumeneku n'kofunika pa nkhani yathu. Katswiri wa mayina a malo a ku England, Margaret Gelling, anayendera malo ambiri okhala ndi liwu loti “dūn” m'dzina, ndipo anaona kuti Angerezi akale sankatcha phiri lililonse choncho. Anali ndi mawu osiyanasiyana a mapiri, monga ife tilili ndi phiri, chitunda, chulu ndi mtumbira. “Dūn” kwenikweni linali phiri losatalika, la pamwamba potambalala, pamene anthu angamange mudzi n'kuthawa chinyontho cha kudambo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene nkhani yonse imamveka bwino. Ngati mudzi uli pa “dūn”, ndiye kuti kulikonse kumene munthu angapite, kumtsinje, kudimba, kumsika, akuchoka paphiri. Mawuwo ankatchulidwa m'mawa uliwonse. N'chifukwa chake anaperepeseka.

Midzi imeneyo ilipobe, ndipo ina munakwerako sitima. M'mayina a malo liwuli linafupika n'kukhala “don”. Swindon ndi phiri la nkhumba. Wimbledon, kumene amaseweretsa mpikisano wa tenesi, ndi phiri la munthu wina wotchedwa Wynnman. Snowdon, phiri lalitali koposa ku Wales, la mamita 1,085, Angerezi analitcha phiri la chipale, ngakhale eni ake amalitcha Yr Wyddfa. Koma chenjerani, si “don” aliyense amene ali phiri. Croydon, kumwera kwa London, mchira wake unachokera ku liwu lina, “denu”, lotanthauza chigwa. Mawu awiri otsutsana anatha mofanana chifukwa cha kuperepeseka komweko. Ndipo London mwiniyo sali m'gululi, dzina lake ndi lakale kuposa Chingerezi, Aroma ankalemba kale Londinium.

Kumbuyo kwa “dūn” akatswiri ambiri amaonako liwu la zilankhulo za Chikeluti, za anthu amene analipo kumadzulo kwa Ulaya Aroma asanafike, lotanthauza linga lomangidwa paphiri. Lili mu Lugdunum, dzina lakale la mzinda wa Lyon ku France, lili mu Donegal ku Ireland, komanso mu Dùn Èideann, dzina la Edinburgh m'Chigeliki, chilankhulo cha Chikeluti cha ku Scotland, limene anthu a ku Scotland anakalipereka ku mzinda wa Dunedin ku New Zealand mu 1848. County Down ya ku Northern Ireland nayo ndi linga, si dera la pansi. Adatchi ali ndi “duin”, mulu wa mchenga wa m'mphepete mwa nyanja, ndipo kudzera m'Chifalansa liwuli linalowanso m'Chingerezi ngati “dune”. Izi ndingozidutsa, chifukwa chimene chikukuvutani tsiku ndi tsiku ndi cha kuntchito.

Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, ndipo ndinaona kuti ophunzira savutika ndi “sit down”, “fall down” kapena “lie down”. Apa thupi likutsikadi. Vuto limayamba pamene palibe chikutsika ndi maso. Ndimakumbukira mtsikana wina wa Fomu 2, wokhala kutsogolo pafupi ndi zenera, amene anakweza dzanja tikuwerenga ndime ina n'kufunsa kuti, “Aphunzitsi, akuti ‘climb down’. Munthu angakwere bwanji pansi?” Anali ndi mfundo. Ndinamufunsa mmene amatsikira mumtengo wa mango, ndipo anasonyeza ndi manja: kugwira nthambi, kufunafuna popondera ndi phazi, kukumbatira thunthu. Ndinati ndi zimenezo. “Climb” akunena za kugwiragwira ndi manja ndi miyendo, “down” akunena kumene ukulowera. Chingerezi chimakonda kugawa ntchito chonchi, mneni anene kachitidwe, kaliwu kakang'ono kanene mbali. Ife timaika zonse m'mneni mmodzi: kutsika, kutsetsereka, kugwa, kutsakamuka, kutitimira. Mukazindikira kusiyana kumeneku, mawu ambiri a “down” amayamba kumasuka okha.

Gulu lalikulu ndi la kuchepa. Mulu wa chimanga ukamachepa, nsonga yake imatsika, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse chochepa chimanenedwa kuti chikutsika. Apa tili pamodzi ndi Angerezi: mitengo yatsika, kutentha kwa thupi kwatsika, tsitsani wailesi. “Slow down”, “cool down”, “cut down” onse ali m'nyumba imeneyi. “Calm down” ndiye amafanana ndi lathu ngati mapasa, khazikani mtima pansi, pakuti kwa ifenso munthu wankhawa mtima wake uli m'mwamba. Ndipo “step down” timati kutula pansi udindo.

Gulu lina ndi la chinthu chimene chagwa n'kusiya kugwira ntchito. Munthu woimirira ali moyo ndipo akugwira ntchito, wogona pansi ndi wodwala kapena wogonjetsedwa. Kompyuta ya kuntchito kwanu ikakhala “down” yalowa m'gulu limeneli, pamodzi ndi galimoto yochita “break down” ndi sitolo yochita “close down”. Apa “down” amawonjezanso ganizo la kutheratu: nyumba yochita “burn down” yapsa yonse mpaka kugwa. “Lockdown”, limene tonse tinalidziwa mu 2020, poyamba linkamveka m'ndende za ku America, potanthauza kutsekera akaidi onse m'zipinda zawo.

Tsono agogo akakhala “down”, apa ndikupempheni mumvetsetse, chifukwa pa ntchito yanu kusamva bwino kungabweretse vuto. Mnzanu akakuuzani posinthana kuti “she's a bit down today”, sakunena kuti agogowo agwa. Akanagwa akanati “she's had a fall”, ndipo imeneyo ndi nkhani yolemba lipoti. Akunena kuti sakusangalala, mtima wawo walemera, ife timati nkhope yawo ndi yakugwa. Amafunika kukhala nawo pafupi ndi kucheza nawo. Akati “he's come down with a cold”, chimfine chawagwira. Akati “she can't keep anything down”, chilichonse chimene adya akusanza. “Write it down” ndi kulemba basi, pakuti pepala limakhala pansi pa dzanja. “Don't let her down” ndi kuti musawagwiritse fuwa lamoto. Ndipo pali limodzi limene limapweteka mukaliphonya. Mlongo wina amene amagwira ntchito ngati yanuyi anandiuza kuti agogo ena aamuna anamuuza, maso ali pawindo, kuti galu wawo “had to be put down” iwo asanasamukire kunyumba ya okalambako. Iye anangomwetulira n'kupitiriza kuyala bedi, poganiza kuti galuyo anangomutsitsa penapake. Madzulo ake ndi pamene anamva kuti mawuwo amatanthauza kuti dokotala wa ziweto anamubaya jekeseni yomugonetsa mpaka kalekale. M'mawa mwake anapita kukakhala nawo pansi n'kuwafunsa dzina la galuyo, ndipo agogowo analankhula pafupifupi ola lathunthu.

Pali “down” wina amene alibe kukwera kapena kutsika kulikonse. Mngerezi akati akupita “down the road” kapena “down the shops”, msewuwo ungakhale wosalala ngati bwalo la mpira. Akungotanthauza chapafupi pompa, motsatira msewu. Musafunefune chitsetse.

Za sitima ndiye zili ndi lamulo lakelake. Pa njanji zambiri za ku Britain, yopita ku London imatchedwa “up”, yochoka ku London “down”. Kuchokera ku Eastbourne izi sizidabwitsa, popeza London ali kumpoto kwanu. Koma sitima yochoka ku Edinburgh kupita ku London, imene ikulowera kumwera ulendo wonse, nayonso ili pa njanji ya “up”. Apa kukwera ndi ulemu wa likulu. Mwambo womwewo uli ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge: wophunzira amapita “up” teremu ikamayamba, ndipo akachotsedwa sukulu amati “sent down”. Mawu omwewa m'khoti amatanthauza kupita kundende, chifukwa m'makhoti ambiri akale woweruzidwa amatsika masitepe kuchoka m'kabokosi koimamo kupita ku zitolokosi za pansi.

Nanga kumwera kunakhala bwanji “down”? Anthu amati “down south”, ndipo Australia amaitcha “down under”. Izi zinabwera ndi mapu opachika pakhoma, kumpoto kuli pamwamba. Sikuti dziko linalengedwa choncho. Mapu otchuka a m'tchalitchi cha Hereford, ojambulidwa cha m'ma 1300, anaika kum'mawa pamwamba, ndipo al-Idrisi, katswiri wachisilamu wojambula mapu, pojambulira mfumu Roger II ya ku Sicily mu 1154, anaika kumwera pamwamba. Kwathu mapu ndi nthaka zimagwirizana, chifukwa Shire amayenda cholowera kumwera, ndipo amene anatsikapo chitsetse chokhotakhota cha ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, makutu akutsekeka, kutentha kukukulandira pa kona iliyonse, amadziwa kuti Lower Shire ndi kunsi ndithu. Koma ku Egypt mtsinje wa Nile umalowera kumpoto, choncho Lower Egypt ali pamwamba pa mapu, Upper Egypt ali m'munsi. “Downtown” ya Amereka inayambira ku New York, kumene tauni yakale inali kunsonga ya kumwera kwa chilumba cha Manhattan ndipo mzinda unkakula cholowera kumpoto. Kwanuko simulimva kawirikawiri, amati “town centre”.

Awiri amene amasokoneza ngakhale odziwa Chingerezi bwino ndi awa. “It's up to you” ndi kuti sankhani nokha, pamene “it's down to you” ndi kuti udindo wagwera inu, kapena chifukwa chake ndinu. Ndipo achinyamata, potengera Amereka, akati “I'm down” nthawi zambiri akuvomera kuti nawonso apita nawo, osati akhumudwa. Nkhope ndi imene ingakuuzeni.

Jekete lanu lija lilibe ubale uliwonse ndi zonsezi. “Down” ameneyo ndi liwu lina, lochokera ku “dúnn” wa chilankhulo cha ma Viking a ku Scandinavia, amene anayamba kufika ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 700 ndipo ambiri anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa dzikolo. Limatanthauza tinthenga tofewa ta m'kati, tokhala kunsi kwa nthenga zikuluzikulu pa chifuwa cha bakha kapena tsekwe. Amene anasosolapo bakha amatidziwa, timamatirira ku zala zonyowa ndipo timauluka ndi kampweya kakang'ono. Timasunga kutentha bwino kwambiri, n'chifukwa chake amatiika m'majekete ndi m'zofunda. Mawu awiriwa anangokumana m'katchulidwe, monga “mtengo” wa m'nkhalango ndi “mtengo” wa pamsika timawalemba mofanana.

Lomaliza simunalifunse, koma pa ntchito yosamalira anthu mudzakumana nalo, ndipo ndi limene limandikhudza kwambiri. Down syndrome, kapena Down's syndrome monga amalembera ku Britain, ilibe chochita ndi pansi. Ndamvapo makolo ophunzira bwino akumasulira kuti ndi “mwana wotsika nzeru”, poganiza kuti ndi zimene dzinalo likunena, ndipo mayi wina anandifunsa misozi ili m'maso ngati madokotala anatcha mwana wake wapansi. Ayi ndithu. Down ndi dzina la munthu, John Langdon Down, dokotala wa ku England wobadwira ku Cornwall mu 1828, amene mu 1866 anafotokoza mwatsatanetsatane za ana obadwa ndi mkhalidwe umenewu, pamene ankagwira ntchito ku Earlswood ku Surrey. Choyambitsa chake chinadziwika mu 1959 ku Paris: anthu ambiri ali ndi ma chromosome 46, tizinthu ta m'maselo a thupi tonyamula chibadwa cha munthu, tokhala tiwiritiwiri, koma awa ali ndi 47, chifukwa ya nambala 21 ilipo itatu m'malo mwa iwiri. N'chifukwa chake tsiku lowakumbukira pa dziko lonse ndi 21 March, tsiku la 21 la mwezi wachitatu. Kwa zaka pafupifupi 100 mkhalidwewu unkatchedwa ndi dzina lonyoza lotengera mtundu wa anthu a ku Mongolia, limene Down mwiniyo anayambitsa potsata maganizo olakwika a nthawi yake. Mu 1961 gulu la akatswiri linapempha kuti dzinalo lisiyidwe, ndipo bungwe la World Health Organization linalichotsa mu 1965. Dzina la dokotalayo linalowa m'malo mwake kuti anthuwa asiye kunyozedwa. Choncho mukamva wina, kaya kwanuko kaya kumudzi pa foni, akulimasulira ngati kutsika, muwongolereni mofatsa.

Down uja anatsegula nyumba yakeyake yosamalira ndi kuphunzitsa anthu olumala m'maganizo mu 1868, yotchedwa Normansfield, ku Teddington kumadzulo kwa London, ndipo anamangamo holo ya zisudzo kuti okhalamo azisangalala. Anamwalira mu 1896. Patapita zaka zochepa, m'banja la mwana wake munabadwa mdzukulu wamwamuna amene anali ndi Down syndrome, ndipo anakulira komweko ku Normansfield. Mbali ya nyumbayo ilipobe, ndipo ndi kumene kuli likulu la bungwe la Down's Syndrome Association.